Chithunzi Chozondoka cha pa Bua

Mlendo aliyense akalowa m'nyumba mwanga amalonjera, maso n'kuthawira kukhoma, kenako dzanja limayamba kumuyabwa. Pakhomapo pali chithunzi chakale cha mtsikana ali m'bwato. Malemba a wojambula ali chadodolido, ndipo masamba a kakombo akuyandama kumwamba kumene kumayenera kukhala mitambo. "Mayi, chithunzi chanu chazondoka," amatero, ali chilili kuti akonze. Ine ndimati chisiyeni, khalani pansi. Chithunzi chimenecho ndinachiyendera kuchokera ku Nambuma mpaka ku Bua, kupitirira Namitete, ndipo sindinachipachike ndili m'tulo ayi.

Nkhondo inali itangotha, asilikali akubwerera m'midzi ndi majasi ndi nsapato zolemera. Ine ndinali namwali, dzina langa la ubatizo Agata. Tsiku lina kwa amalume kunafika a Tomasi, amene ankagwira ntchito ku Halale, atanyamula bulangete latsopano ndi mawu a msuweni wawo, a Lingisoni. A Lingisoniwo anali telala kumeneko, ndipo anachoka kwathu ine ndikadasewera masanje. Ankafuna mkazi wakumudzi, koma ankati ayambe aona chithunzi. Chikawakomera, ine ndinyamuke kupita ku Halale.

Amalume anasisita bulangete lija n'kuvomera. Amayi anatuluka kukasonkha moto. Ine ndinakalirira pamtondo, chifukwa kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga nyumba kwa mkazi, ndipo amene ankapita ku Halale ambiri ankasanduka matchona. Ndinkaopa kuti amayi anga sindidzawaonanso. Koma namwali wa nthawi imeneyo ankafunsidwa ngati wasinja, osati ngati akufuna.

Wojambula amene ankamveka dera lonselo anali mmodzi, msilikali wopuma wa ku Namitete amene anthu ankangomutchula kuti a Kopolo. A Tomasi anatsogola kukadikira kwa abale awo komweko, n'kutisiyira mawu oti Lamulungu likangodutsa akwera galimoto, chithunzi chilipo kapena palibe.

Wondiperekeza anali amayi aakulu, a Nambewe, mkulu wawo wa amayi anga. Anali aafupi, amawu aakulu, korona m'khosi, kachitini ka fodya wofwenkha m'chiuno. Iwo ndiwo anasenza dengu, ndipo mudengumo munali diresi loyera lobwereka kwa mkazi wa aphunzitsi, lokutidwa m'nsalu ngati khanda. Ine ndinanyamula nkhuku: tambala wolipira a Kopolo ndi thadzi loti litithandize panjira.

Tinayamba ndi ngolo ya mlimi wina amene ankapita ndi fodya cha ku Kabudula. Ng'ombe yake ina, yotchedwa Sajeni, inali ndi khalidwe lakelake: ikangoona kamtsinje inkagona pansi n'kuyamba kubzikula. Mwini wake ankaikuwa, kuipotokola mchira, kuinyengerera ndi mayina aulemu, koma Sajeni ankadzuka yekha akafuna. Ine ndinaikonda ng'ombe imeneyo. Mumtima ndinkati gona, Sajeni, gona mpaka Lamulungu lidutse.

Tinakhala pamwamba pa mitolo ya fodya, ine kuyetsemula njira yonse. A Nambewe ankathyola kansonga ka tsamba, kufikisa m'manja, kununkhiza.

"Amayi, fodya wa eni ake," ndinanong'ona.

"Ndikumuyesera mwini wake kuti adziwe ngati wachita bwino. Iwe gwira nkhuku."

Kuchokera ku Kabudula tinayenda pansi pamodzi ndi amayi ena osenza miphika. Kunali kozizira, fumbi lofiira lili m'miyendo, ndipo nkhani ya ulendo wathu a Nambewe anaifalitsa kwa aliyense wokumana naye. Pofika ku Nsaru, anthu amene sindinawaonepo ankandiloza kuti uyo ndiye wa ku Halale uja. Tinagona kwa mbale wathu wina, m'mawa mwake n'kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa fodya kudikira lole.

Kudikira lole masiku amenewo inali ntchito yodziimira payokha. Wina ankatchera khutu n'kunena kuti ikubwera, tonse dzambatu, akatundu pamutu, kenako n'kuona kuti ndi kamvulumvulu. Tinkakhalanso pansi. Wogulitsa nzimbe anagulitsa zonse, n'kupita kwawo, n'kubwera ndi zina, ife tikadali pomwepo. Mthunzi unkasuntha, ife n'kumasuntha nawo. Thadzi linaikira dzira mudengu la mayi wina, ndipo mlandu wa dzira limenelo unatithandiza kupititsa nthawi.

Pamenepo ndi pamene anafika mwamuna wina wamtali, wosakwatira pomuona, atakoleka mitanga yopanda kanthu pamtengo. Asanafike, fungo lake linali litafika kale. Anagwada n'kuwomba m'manja.

"Zikomo amayi, ndikhale nawo pamthunzipa?"

A Nambewe anatseka mphuno ndi nsonga ya nsalu. "Mthunzi ngwa Mulungu. Koma khalani kumene kukupita mphepoko. Kodi mwagona m'mimba mwa nsomba?"

"Milamba youma, amayi. Ndagulitsa yonse, fungo lokha ndiye alikana."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka ndikuyang'ana pansi. Anati dzina lawo ndi a Gelevazio, kwawo ndi m'mbali mwa Bua, ali ndi bwato lowolotsera anthu ndi kuvuulira miono. A Nambewe, ngakhale mphuno inali yotseka, pakamwa panali potsegula, ndipo posakhalitsa a Gelevazio anali atadziwa za telala, za bulangete ndi za diresi.

Lole inafika dzuwa litapendeka, itadzaza mabelo. Dalaivala wake, wa chisoti chofiira, anayamba wakana kuti malo palibe. Ataona thadzi, malo anapezeka. Injini inkalira pochita kupukusa ndi chitsulo kutsogolo, ndipo inatsokomola, kukana, kutsokomolanso, mpaka amuna onse anatsika kukakankha. Itangolira anathamanga n'kumakwera ikuyenda, wina kusiya chipewa chake m'fumbi.

Pamwamba pa mabelo panali mkulu wina wa ndevu zoyera amene atamva za ulendo wathu anapukusa mutu.

"Bokosi lojambulira lija limayamwa magazi. Mphwanga anajambulidwa ku Joni, lero ndi wowonda ngati bango."

Ndinawayang'ana a Nambewe ndi chiyembekezo. Iwo anandigwira mkono, kuufinya, n'kunena kuti, "Uyu magazi ali nawo ambiri. Liyamweko, diresi limukwane."

Tisanafike pa Msundwe tinamva phuu! Lole inatsimphina n'kuima. Tayala linali litaphulika, lina losinthira panalibe, ndipo dalaivala analamula kuti tonse tizule udzu woti apakire m'tayalamo. Potsika ndinaika tambala pansi. Luzi la kumiyendo linali litamasuka ndi kugwedezeka kuja, ndipo tambala anadzikung'untha, kundiyang'ana kamodzi, n'kulowa m'tchire.

"Mayo ine, chithunzi chathawa!" anakuwa a Nambewe.

Ine ndinathamanga mwaulemu chabe, mtima ukuti pita bwino tambala. Koma a Gelevazio anataya udzu n'kuliyatsa liwiro. Tinkangoona tchire likugwedezeka, nthenga zikuuluka, mpaka tinamva kukuwa kumene sikunali kwa nkhuku. Anatulukira tambala ali kukhwapa, dzanja lina likukanda khosi, msana, mimba, paliponse. Anali atagwera m'chitedze.

Amene chinamuyabwapo chitedze akudziwa. Munthu wamkulu ankavina pakati pa msewu, akudzipaka dothi, koma tambala osamutaya. A Nambewe anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anakatenga phulusa pa chitsa chopsa n'kuwapatsa, mphuno osatsekanso.

Lole inanyamuka pang'onopang'ono ndi tayala lake la udzu. A Nambewe anatsamira belo n'kutseka maso. A Gelevazio anali chapafupi, otuwa ndi phulusa, akudzikandabe. Analankhula motsitsa mawu, maso ali kumsewu.

"Pepani chemwali, si nkhani yanga. Koma inuyo ku Halaleko mukukufuna?"

Chiyambire nkhaniyi palibe anali atandifunsa funso limenelo. Ndinasuzumira kwa a Nambewe.

"Afunseni amayi," ndinatero.

"Ndafunsa inu."

Misozi inagwera pa nthenga za tambala, ndipo ndinanamizira fumbi la fodya. Iwo sanafunsenso.

Tinafika ku Namitete Loweruka. A Tomasi anatilandira ndi nkhope yotopa ndi kudikira n'kutitengera kuseri kwa sitolo ya mmwenye, kumene a Kopolo ankagwirira ntchito. Anali munthu wa ndevu zopotana m'mbali, wolankhula ngati akadali pa perete. Bokosi lawo linaima pa miyendo itatu, kutsogolo diso lagalasi, kumbuyo nsalu yakuda. Ndinavala diresi lija, ndinakhala pampando, manja pamaondo. A Kopolo analowetsa mutu m'nsalu muja n'kukhalamo.

A Nambewe anayamba kusakhazikika. "Kodi bambo, mukuonamo chiyani m'menemo?"

"Ndikukonza, mayi. Dikirani."

"Mwamuna kudzifunditsa nsalu n'kumasuzumira mwana wa eni ake? Tapatukani ndione nawo."

A Kopolo anapatuka monyinyirika. A Nambewe anawerama, mutu n'kulowa. Sipanapite nthawi, tinamva mfuu, ndipo anatuluka nsalu itawakola m'khosi. Anathamangira kwa ine n'kugwira mpendero wa diresi langa mwamphamvu.

"Wamuzondotsa mwana! Mutu pansi, miyendo m'mwamba! Agata, gwira diresi!"

"Amayi, ndakhala bwinobwino."

"Wakhala bwino kunjaku. M'katimo uli chadodolido!"

Anthu anayamba kusonkhana. A Kopolo anafotokoza kuti bokosi limaona choncho munthu aliyense, kuti ngakhale akuluakulu a nkhondo analowamo chadodolido n'kutuluka ali chilili papepala. A Nambewe anati akuluakulu a nkhondo amavala makabudula. Anati mwana wa mng'ono wawo sangapite kwa apongozi miyendo ili m'mwamba, ndipo zoti pepala lidzamutembenuza iwo sanazione, chimene aona ndi chimene aona.

"Tembenuzani bokosilo," analamula.

A Kopolo anapuma mozama, anamasula bokosi, kulitembenuza, a Tomasi atagwirira. A Nambewe anasuzumiranso.

"Akadali chomwecho! Bokosi lamwano ili."

Ine pampando paja ndinkaluma mlomo kuti chimwemwe chisaoneke. A Tomasi anachonderera, anatchula bulangete, anatchula galimoto ya Lolemba. A Nambewe anati ndivule diresi tizipita. Tambala anali atabwerera kale m'manja mwanga.

A Kopolo anamuyang'ana tambala uja, n'kupotokola ndevu zawo. Kenako anafunsa kuti, "Mayi, munayamba mwadziona padziwe? Munthu wa m'madzi amakhala bwanji?"

"Amazondoka. Nanga ndi funso limenelo?"

"Ndiye bokosi langa likamuzondotsanso wozondoka kaleyo?"

A Nambewe anaima. Anatembenuza chikhatho chawo, kuchitembenuzanso, milomo ikuyenda. "Aongoka," anatero pomaliza, ngati akuulula tchimo.

A Kopolo anati chibwerere kunkhondo ankalakalaka kujambula bwato pamadzi odekha, koma anthu ankangofuna mpando ndi maluwa. Chosowa chinali bwato. Kumbuyo kwa gulu kunamveka mawu amene ndinali nditawazolowera kale.

"Bwato lilipo."

Mtima wanga unagwa. Munthu yekhayo amene anandifunsa ngati ndikufuna, ndiye anali woyamba kupereka bwato londitumizira ku Halale. Ndinawayang'ana ndi diso loipa. Iwo anayang'ana pansi n'kudzikanda.

Lamulungu a Nambewe anakana kuti si tsiku la ntchito, choncho tinanyamuka Lolemba m'mamawa, tsiku lomwe a Tomasi ankakwera madzulo ake. A Gelevazio anasenza bokosi, a Kopolo miyendo yake, ife m'mbuyo ndi dengu. Tinafika padziwe lalikulu la Bua, lozunguliridwa ndi bango, kutsidya kuli gombe lalitali. Bwato linali losema bwino, lakuda ndi ukalamba. Ndinavala diresi kuseri kwa bango ndipo anandiwolotsera pafupi ndi gombe lija, ine nditagwira m'mbali ndi manja onse, chifukwa bwato ndinali ndisanakwerepo.

Ndiye kunayamba kudikira kwina. Poyamba nkhungu inakana kuchoka. Itachoka, kunabwera kamphepo n'kukwinya madzi, munthu wa m'madzi n'kuduka zidutswazidutswa. Kamphepo katatha, abakha a m'madzi anatera pakati penipeni. A Tomasi anawagenda, mwala n'kuyambitsa mafunde amene anatenga nthawi yawo kuti afike kubango ndi kubwerera. A Kopolo anawakalipira mwa chisilikali.

"Dzuwa likukwera, galimoto indisiya," anadandaula a Tomasi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha a Kopolo. "Madzi salamulidwa. Khalani pansi, manja m'thumba."

Vuto lina linali lakuti bwato linkasuntha lokha. A Gelevazio akakhalamo kuti aligwire ndi nkhafi, ankaoneka pachithunzi, ndipo chithunzi chopita kwa mwamuna sichikanatheka kukhala ndi mwamuna wina. Choncho anamanga chingwe cha luzi kumapeto kwa bwato, n'kukwera nacho pagombe kumbuyo kwanga.

"Kwerani ndithu," anakuwa a Kopolo ali m'nsalu. "Ndikuona maondo. Kwerani. Ndikuona zala. Basi, mwatuluka. Imani pomwepo."

Kenako zonse zinangoti bata. Sindinaonepo madzi otero. Bango lililonse linali ndi mnzake pansi, mitambo inali pansi pa bwato, ndipo nditasuzumira ndinaona mtsikana wa diresi loyera akundiyang'ana, wankhope yachisoni ngati yanga.

"Bwerani mayi, mudzaone mwana wanu," anatero a Kopolo monong'ona, ngati madzi angamve.

A Nambewe analowa m'nsalu. Tinadikira mfuu, koma sinabwere. Anakhalamo nthawi yaitali, mpaka a Tomasi anayamba kupondaponda. Potsiriza mawu anatuluka m'nsalumo.

"Eee. Waongoka. Koma tsitsani pang'ono diso la bokosili, madzi achuluke."

"Ndikatsitsa, mutu wa mwana ufika m'mphepete mwenimweni."

"Tsitsani. Wanga ndi wa m'madziyu. Tsitsaninso. Basi." Anatuluka, nkhope ili phee. "Jambulani msanga mphepo isanabwere."

A Kopolo anathamangira kutseka bokosi osayang'anitsanso, chifukwa nsonga za bango zinali zitayamba kugwedera kutali. Anandiuza kuti ndisapume. Anavula kachivindikiro pa diso lija, kuwerenga chamumtima, n'kuvindikiranso. Zonse zimene tinayendera zinathera pamenepo, nthawi yosakwana kumeza malovu.

Masana a Kopolo anadzitsekera m'kanyumba kawo kamdima. Potuluka anali akukanda mutu n'kuyamba kunena kuti, "Mayi, pali kanthu kena apa," koma a Nambewe anatsomphola chithunzi chija, kuchikulunga m'kansalu, n'kuwapatsa a Tomasi amene anali atamva kale kulira kwa galimoto. Tambala anapita kwa a Kopolo. Ine ndinapempha kuti ndichione.

"Namwali sadziyang'anitsa, amayamba matama," anatero a Nambewe.

A Gelevazio anatiperekeza mpaka pamsewu n'kutipatsa milamba iwiri yokulunga m'masamba. Ine sindinawatsanzike. Za ulendo wobwerera sindikumbuka zambiri, koma kuti Sajeni sitinamupeze ndipo tinayenda pansi mpaka zidendene kung'ambika.

Mvula yoyamba itagwa, kunafika munthu wina wochokera ku Halale. Anthu anasonkhana pakhonde la amalume, ine ndili kuseri kwa nkhokwe, mtima uli m'mwamba. Mlendoyo anatulutsa kansalu kaja.

"A Lingisoni akuti mkazi ngwabwino, alibe chifukwa. Koma akuti iwo salanda mkazi wa mwini. Akuti bulangete sungani, chithunzi mupatse bambo aima kumbuyo kwakewo."

"Bambo ake ati?" anakalipa amalume. Anayang'ana chithunzi, kuchiyandikiza, kuchitalikitsa. "Pali mwana yekha m'bwato apa!"

"Tachitembenuzani."

Amalume anatembenuza. Ndinaiwala manyazi n'kuthamangira kukasuzumira paphewa pawo. Mtsikana wa m'madzi anali atakhala mowongoka, manja pamaondo. Kumbuyo kwake, pamwamba pang'ono, panaima mwamuna wamtali atagwira chingwe, ndipo sankayang'ana bokosi, ankayang'ana mtsikanayo. Pagombe a Kopolo anawadula ndithu, koma madzi anawasunga athunthu. Tinkaoneka ngati zithunzi za ukwati za aphunzitsi a kumishoni, mkazi pampando, mwamuna chilili.

Amalume anatembenukira kwa a Nambewe. "Inu munali komweko! Simunaone?"

A Nambewe anatsegula kachitini kawo, kutapa, kufwenkha bwinobwino. "Ine ndinkayang'ana ngati mwana waongoka, achimwene. Ndipo anaongoka."

Madzulo ake a Nambewe anandipeza ndikusinja. Anakhala pamphasa n'kumapeta madeya, kenako anati, "Umayesa ndinkagona pa lole paja, eti? Munthu wogwera m'chitedze osataya nkhuku ya eni ake, ameneyo sangataye mkazi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanawe, wapachala ngwamphepo." Ndinasiya munsi n'kuwakumbatira, ndipo anandikankha kuti ndiwatayitsa ufa.

Mawu anafika bwanji ku Bua sindinafunse, koma a Nambewe anali ndi pakamwa potha kuwoloka mitsinje. Chimanga chisanache, a Gelevazio anafika ndi ankhoswe awo ndi mtanga wa milamba. Ndinawafunsa chifukwa chimene anaperekera bwato tsiku lija. Anati sanafune kuti ndibwerere ku Nambuma Loweruka lomwelo, ankafuna andionenso Lolemba. Bwato anasiyira mng'ono wawo, anamanga nyumba kuseri kwa ya amayi anga, ndipo manja osema mabwato anayamba kusema mitondo. Amayi anga ndinawasamala mpaka tsiku lawo lomaliza.

A Gelevazio anatsogola zaka zapitazo. Moyo wawo wonse sanakhalenso kutsogolo kwa bokosi, ankati kamodzi kanakwana. Chithunzi chawo china palibe, ndi chokhachi cha m'madzi. Ndikachipachika mmene a Kopolo analembera, ine ndimakhala bwino m'bwato koma bambo a ana anga amalendewera mutu pansi. Ndiye ndinasankha kuti wozondoka ndikhale ine.